Galimoto Inadya kwa Apongozi

Tawonga Kabaghe sanali mtsikana wopsa mtima msanga, koma Loweruka limenelo Madalitso anamuyesa zedi. Anapangana kukumana pa Boma kuti apite ku Kaseye kukamaliza za ng'ombe, chifukwa panali patangotsala sabata kuti thenga, munthu wokanenera mnyamata kwa makolo a mtsikana, akaonekere kwawo ku Misuku. M'malo molunjika kokwerera njinga, Madalitso anamugwira dzanja n'kumukokera kuseri kwa msika, kumpanda kumene Macdonald ankaimikako magalimoto ogulitsa ochokera ku Dar, ku Tanzania.

Malo onse a m'Chitipa muno, mpaka kusankha kwa Macdonald. Ameneyu anamufunsira Tawonga, kukanidwa, kufunsiranso, kukanidwanso, koma ankauzabe anthu kuti mtsikanayo akungochita manyazi.

Madalitso anali mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Dedza, kumene ukwati sulira ng'ombe. Atamva koyamba za malowolo anaseka, koma ataona kuti Tawonga sakuseka nawo, anasiya n'kuyamba kusunga ndalama. Anasunga movutikira, nsapato imodzimodzi mpaka ana a sukulu kuipatsa dzina. Mwezi wathawo awiriwa anali atapita kukhola la a Safeli ku Kaseye n'kusankha ng'ombe, ndipo Tawonga anakonda kwambiri ina yofiira, ya banga loyera pamphumi, nyanga imodzi yopindikira pansi. A Safeli analonjeza kuti adikira mpaka kutha kwa mwezi uno. Ndiye lero Madalitso yemweyo anali ataima kutsogolo kwa galimoto yoyera mbee, akuisisita ngati mwana wakhanda.

"Iyi ndi haibulidi yotchaja," anatero Madalitso, maso ali gwa pagalimotoyo. "Umaitchaja ngati foni. Batire likatha, imayamba yokha kuyendera petulo."

Kenako anayamba kuphunzitsa, monga aphunzitsi amachitira akapeza munthu woti sangathawe. Anakumbutsa Tawonga za mizere ya mafuta, za anzawo amene amagona pomwetsera mafuta n'kubwerako chimanjamanja, za mtengo wa petulo wa m'zigubu. Anati ndi galimoto imeneyi akhoza kuyenda sabata yonse, kunyumba, kusukulu, kutchalitchi, osagula ngakhale dontho. Anavomera kuti ndi yodula kuposa zinzake, koma anati pakapita zaka imabweza yokha ndalamazo.

Tawonga anafunsa kuti nanga magetsi akazima masiku awiri, monga amachitira, galimotoyo idya chiyani. Anafunsa kuti ndi makaniko uti pa Boma pano amene anatsegulapo galimoto yotere, komanso batire lakelo likafa amagula kuti ndipo ndi ndalama zingati. Madalitso anayang'ana Macdonald, ndipo Macdonald anamwetulira mpaka dzino lake lagolide kuonekera.

"Hakuna shida, mlongo wanga, palibe vuto. Batire limeneli lidzafa inu muli ndi zidzukulu."

"Nanga inuyo bwanji mumayendera ya dizilo?" anafunsa Tawonga, akuloza pikiyapu yakuda imene inali pakona.

"Ine ndi munthu wa matumba ndi malata. Iyi ndi ya anthu ophunzira."

Mawu amenewa anamulowa Madalitso ngati thobwa lozizira. Tawonga anamuona akukweza mapewa, ndipo mtima wake unawawa, chifukwa munthu wanzeru akamanamizidwa pamaso pako zimapweteka kuposa akamanamizidwa wopusa. Macdonald anapitiriza kuti sakukakamiza aliyense. Aphunzitsi atenge galimotoyo Loweruka likudzalo, akaiyese kumapiri a Misuku, apongozi akaone kuti mwana wawo akupita kwa munthu wotani. Ikakanika, abweze. Za ku Kaseye tsiku limenelo zinathera pomwepo, poti dzuwa linali litapendeka.

* * *

Lachitatu Tawonga anapempha tchuthi kufamase kumene ankagwira ntchito n'kukwera lole yopita kwawo. Ali m'njira anamulembera Madalitso uthenga: Ng'ombe kapena galimoto?

Yankho linafika lole ikukwera phiri. Ndikungoiyesa, wokondedwa. Usade nkhawa.

Wapita kwa a Safeli?

Apa panadutsa nthawi. Kenako kunabwera chithunzi cha mtima wofiira, ndipo Tawonga anatsala pang'ono kuponya foniyo kuphompho. Munthu ukumufunsa za ng'ombe, iye n'kukutumizira mtima.

Komabe anaugwira mtima wake n'kumulembera malamulo onse, chifukwa ankamukonda ndipo sankafuna kuti akachite manyazi. Galimoto ikaime kumsewu. Pakhomo akalowe a Laston okha, mphunzitsi mnzake wa konkuno amene anavomera kukhala thenga. Iye akakhale pansi pa mtengo mpaka aitanidwe. Ndipo chachikulu, asakadye, asakamwe, asakatenge kanthu kalikonse ka pakhomopo, ngakhale peyala logwa lokha, mpaka adada atamulandira. Kwa a Kabaghe munthu wofuna mwana wawo sadya za pakhomo asanadziwike. Madalitso anayankha kuti wamva zonse, ndipo iye si mwana.

Kunyumba anapeza ankhazi ake, a Eneless, mlongo wa bambo ake, atafika kale. Mayi ameneyu sanabise kuti mphunzitsi wa ku Dedzayo samufuna. Ankati anthu a uko amakwatira ngati akubwereka khasu, lero atenga, mawa abweza. Ankatinso pali anyamata a konkuno odziwa mwambo, ena mpaka ali ndi mipanda yodzaza magalimoto. Tawonga anaona kuti ankhaziwo avala chitenje chatsopano cha ku Tanzania, koma sanafunse kuti chachokera kuti, poopa kuti yankho lake limulepheretsa kudya.

* * *

Loweruka alendo anafika dzuwa lili pamutu. Galimoto inaima kumsewu, pafupi ndi nthochi, monga mwa lamulo. A Laston anatsika atavala jekete, n'kulowa pabwalo akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Madalitso anakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, manja pamawondo. Tawonga anamusuzumira pawindo n'kupuma. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino.

M'nyumba munadzaza. A Jameson Kabaghe, bambo a Tawonga, anakhala pampando wawo, abale awo m'mbali. Tawonga ndi amayi ake ndi a Eneless anakhala kuchipinda, khutu lili kunsalu ya pakhomo. A Laston ankadziwa ntchito yawo. Anayamba ndi za mvula, za msewu, za khofi wa chaka chino, mpaka a Kabaghe anayamba kumasuka n'kudzitama pang'ono za kamakina kawo kamagetsi kochotsa makoko a khofi, kamene kanali m'shedi kuseri. Anati khofi amene athyola m'mawawo amuchotsa makoko madzulo omwewo, mayunitsi anagula kale dzulo.

Kenako thenga anafika pankhani. Anati munthu wawo waona duwa pakhomo pano. Anati ngakhale ndi wakutali, ndi mnyamata waulemu chomene, woopa Mulungu, wosamwa.

"Chifikireni ali kumsewu uko," anatero a Laston. "Ngakhale madzi sanapemphe. Koma pa za ng'ombe, adada, tili ndi kapempho kakang'ono."

Tawonga anadzidzimuka. Kapempho kanji? Ng'ombe zinali zitasankhidwa, ndalama zinalipo, panalibe chopempha. Koma a Laston asanatsegulenso pakamwa, mita ya magetsi imene inali pakhoma inayamba kulira, ti, ti, ti. Aliyense anaiyang'ana. Inaliranso, kenako firiji imene inkang'ung'udza pakona inangoti zii.

A Kabaghe anaimirira n'kudina mabatani a mitayo. Anadinanso. Anafunsa ngati wina wayatsa makina a khofi, ndipo onse anakana. Pamenepo anatuluka, abale awo pambuyo, amayi pambuyo pa abalewo, Tawonga kumapeto.

Galimoto sinalinso kumsewu. Inali kuseri kwa nyumba, pakati pa mathandala oyanikapo khofi, mphuno itatsamira shedi. Palibe amene anaimva ikulowa, poti ikamayendera batire simveka. Chingwe chakuda, chonenepa ngati chala chachikulu, chinachokera m'nthiti mwake n'kulowa pawindo la shediyo. Pambali pake panali Madalitso, mphunzitsi wa sayansi, akuyang'ana kagetsi ka pagalimoto kamene kanali katangozima, akudabwa kuti chalakwika n'chiyani.

A Kabaghe sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. Anamulankhula Madalitso m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti asadzanene kuti sanamve.

"Ichi n'chiyani, aphunzitsi?"

"Ndimangotchajako pang'ono, bambo. Ndinaona soketi."

"Mpando sindinakupatseni. Madzi sindinakupatseni. Dzina lanu sindinalimve bwinobwino. Koma chinthu chanu chalowa pakhomo panga osaodira, chadya, mpaka chamaliza."

"Galimoto yokha ikudya chonchi asanalowole," anatero a Eneless, mokweza kuti ngakhale oyandikana nawo amve. "Nanga mwini wakeyo akadzalowa, tidzatsala ndi chiyani?"

Apa munthu wanzeru akanagwada n'kukhala chete, n'kusiya thenga agwire ntchito imene anabwerera. A Laston anali akumukodola ndi maso kuti atero. Koma Madalitso anatulutsa foni m'thumba. Anati apongozi asadandaule, awagulira mayunitsi pompano, ochuluka kuposa amene atha, angomupatsa nambala ya mita. Tawonga anatseka maso. Manyazi amene anamugwira anali oti akanakonda nthaka itang'ambika.

"Pano si pomwetsera mafuta," anatero a Kabaghe. "Bwezani foni yanu."

Chigamulo chinaperekedwa pabwalo pomwepo, anthu ali chiimire, ndipo a Kabaghe anauza a Laston osati Madalitso, ngati kuti mnyamatayo palibe. Mbuzi imodzi yopepesera pakhomo. Za kapempho asazitchulenso. Ng'ombe zifike zonse pamodzi mwezi uno usanathe, ndipo zikapanda kufika, nkhani ya mwana wawo ndi munthu wa ku Dedza ithere pomwepo. Atatero anazula chingwecho ndi dzanja lawo n'kuchiponya pansi.

* * *

Mwambo sunkalola kuti Tawonga alankhule ndi Madalitso tsiku limenelo, koma mwambo unali utathyoledwa kale, ndipo amene anauthyola si iye. Anazembera kumunda wa khofi, kumunsi kwa msewu, n'kumutumira uthenga kuti atsike. Anabwera mutu uli pansi, taye atamasula.

Anayamba kufotokoza asanafunsidwe. Anati Macdonald anamupatsa galimotoyo ili ndi petulo wochepa, n'kumuuza kuti siifuna wambiri. Batire linatsika asanafike n'komwe pa Kapoka, ndipo mapiri anamwa petuloyo mpaka muvi woonetsa mafuta kugona pansi. Mimba ya galimotoyo inakhula miyala ya mumsewu kangapo konse. Atakhala pansi pa mtengo paja ankangoganiza za manyazi oti galimoto imuthere pakhomo pa apongozi, anthu n'kumukankha. Ndiye anaona waya wolowa m'shedi. Anati iye anamva za chakudya, za madzi ndi za mapeyala, koma za magetsi sanaganize kuti zikuwerengedwa.

"Ndinati kanthu kalikonse," anatero Tawonga. "Koma zimenezo zisiye. Kapempho kaja n'kotani?"

Madalitso anathyola tsamba la khofi n'kuyamba kulipinda.

"Mada, ndikufunsa."

Zinatuluka pang'onopang'ono ngati munga. Lolemba Macdonald anamuimbira kuti pali munthu wa ku Karonga amene akufuna galimoto yomweyo, ndipo akapanda kupereka chikole ipita. Madalitso anapereka theka la ndalama za ng'ombe. Maganizo ake anali oti a Laston apemphe kuti ng'ombe zina zibwere chaka chino, zina chaka chamawa, poti ndalama zimene azipulumutsa pa petulo azisunga.

Tawonga anaseka, kuseka kowawa kumene munthu amaseka misozi ili pafupi. Anamufunsa kuti petulo wake uti amene apulumutse, munthu woti chibadwire sanakhalepo ndi galimoto, woyenda wapansi kuchoka kunyumba kukafika kusukulu. Anamufunsa ngati anamuonapo munthu wa ku Karongayo. Anamukumbutsa kuti Loweruka lija anafunsa mafunso atatu ndipo palibe limene linayankhidwa, koma iye anasankha kukhulupirira dzino lagolide kusiya mkazi amene akufuna kumanga naye banja. Chimene chinamupweteka kwambiri chinali uthenga uja woti akungoiyesa, umene anaulemba ndalama zitapita kale.

"Ndinachitira iwe," anatero Madalitso. "Tsiku lija unagwa panjinga yamoto pa Lufita, ndinaona bondo lako, ndinalumbira. Sindifuna mkazi wanga azikwera kabaza."

"Mkazi wako uti? Sunalowole."

Mawuwo anamubaya, ndipo Tawonga anaona kuti amubaya, koma sanawabweze. Kumtunda kunkamveka mawu a a Eneless akufotokozera munthu wina nkhani yonse kuyambira pachiyambi.

Kenako Madalitso anachita chimene anayenera kuchita pabwalo paja. Anagwada, pamatope pomwepo, thalauza lake la kutchalitchi ndi lomwe. Anati galimotoyo mwina ndi yabwino kwa munthu wa mumzinda, wa misewu ya phula ndi mita yakeyake, koma kwa iye yamudyera ulemu tsiku limodzi lokha. Anati mawa lomwe aibweza, atenge chikole chake, Lolemba m'mawa akhale ali pakhola la a Safeli. Mbuzi agula ndi malipiro a mwezi uno. Anapempha Tawonga kuti amudikire mpaka kutha kwa mwezi, osapitirira.

Mkwiyo wa Tawonga sunathe, koma unasendera pang'ono. Chitsiru chinali chake, ndipo ankachikondabe. Anamuuza kuti adzuke asanaonedwe ndi ankhazi, n'kumusasa matope pabondo ndi nsonga ya chitenje chake.

* * *

Awiriwa akukwera kubwerera kumsewu anamva injini. Iyi inali ya dizilo, yomveka kuchokera kutsidya kwa phiri, yochenjeza mudzi wonse kuti kukubwera alendo. Inatulukira lole ya zitsulo m'mbali, ndipo pambuyo pake pikiyapu yakuda.

Zonse ziwiri zinaima kumsewu, pafupi ndi nthochi, osaponda ngakhale udzu wa pabwalo. Macdonald anatsika, anavula chipewa, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, manja pamawondo, pamalo pomwe panakhala Madalitso. Mkulu wina wa jekete, amalume ake, analunjika kunyumba akuwomba m'manja pang'onopang'ono. A Eneless anali kale pakhonde, akukonza chitenje chawo chatsopano, ndipo pankhope pawo panalibe kudabwa ngakhale pang'ono.

A Kabaghe anatuluka. Thenga watsopanoyo anawalonjera kuti mwaghona, moni wa kwawoko, n'kunena kuti akudziwa kuti ng'ombe sizitsogola mawu, koma munthu wawo wangofuna kuti adada aone ndi maso kuti iye sabwera ndi mapempho. A Kabaghe sanabwererenso m'nyumba. Anayenda mpaka kumsewu, manja kumbuyo, n'kuima pambali pa loleyo monga amaimira mlimi akaona ziweto zabwino.

Pakati pa zitsulo panatuluka mutu wa ng'ombe yofiira. Inali ndi banga loyera pamphumi, nyanga imodzi yopindikira pansi.

Madalitso anaiona, n'kuyang'ana galimoto yoyera ija imene inali idakali pakati pa mathandala, chingwe chake chili pafumbi, yopanda mphamvu yoti n'kufika nayo ngakhale pa Kapoka.

"Ndalama zako za chikole zija ndi izo," anatero Tawonga chapansipansi. "Zafika kwa adada, koma zabwera ndi mwamuna wina."